Nkhokwe Ikadali Yodzaza: Ukalamba ndi Kuiwala

Pafupifupi pakhomo paliponse pali agogo amene akafuna kuitana mdzukulu mmodzi amayamba atchula maina a ana onse a pamudzipo asanafike pa dzina la mwana amene akumufunayo. Ana amaseka, agogonso amaseka nawo. Komatu agogo omwewo mukawafunsa za chaka chimene dziko lino lidalandira ufulu, kapena za malire a munda wa malume awo amene adatisiya kalekale, adzakulongosolerani zonse mwatsatanetsatane, osaiwala ngakhale mtengo wa mpoza umene udali pangodya ya mundawo. Kodi zimatheka bwanji kuti mutu umodzi womwewo utaye dzina limene umalimva tsiku ndi tsiku, koma n'kusunga nkhani ya zaka 60 zapitazo?

Funso limeneli si lochezera chabe. Yankho lake ndilo limatiuza chochita munthu wachikulire akayamba kuiwala: kumulezera mtima, kupita naye kuchipatala, kapena, monga zimachitikira m'midzi ina, kumuloza chala kuti ndi mfiti. Yankho lomwelo likukhudzanso mphunzitsi wa zaka 45 amene akuopa kukawonjezera maphunziro poganiza kuti mutu wake udauma, ndiponso mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza sukulu ndipo akusamala agogo ake kumudzi.

NTCHITO ZITATU

Akatswiri a za ubongo amagawa kukumbukira m'ntchito zitatu, ndipo ntchitozi zimafanana ndi zimene mlimi amachita ndi chimanga chake. Poyamba pali kututa, ndiko kulowetsa m'mutu chimene munthu waona kapena wamva. Kenaka pali kusunga. Potsiriza pali kutapa, ndiko kutulutsa chinthucho pa nthawi imene chikufunika. Munthu akati waiwala, vuto likhoza kukhala pa iliyonse ya ntchito zitatuzi. Mwina chimangacho sichidalowe n'komwe m'nkhokwe chifukwa chidatayikira m'njira. Mwina chidalowa koma chidafumbwa. Mwinanso chilimo ndithu, chabwinobwino, koma mwini wake akuvutika kuchifikira. Zimene akatswiri apeza n'zakuti ukalamba wopanda matenda umafooketsa makamaka kututa ndi kutapa, pomwe nkhokwe yeniyeniyo imakhala ikadali yodzaza.

Tisanawaweruze okalamba, tidziwe kuti kuiwala ndi chikhalidwe cha ubongo wa munthu aliyense. Mu 1885 katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, adafalitsa zotsatira za mayeso amene adadziyesa yekha asanakwanitse zaka 40. Iye ankaloweza mindandanda ya timawu topanda tanthauzo, kenaka n'kuyeza kuchuluka kwa zimene zatsala m'mutu. Patatha ola limodzi lokha padatsala pafupifupi magawo 44 pa 100. Patatha tsiku, pafupifupi 33. Patatha mwezi, 21. Mphunzitsi aliyense amene adafunsapo ana Lolemba zimene adawaphunzitsa Lachisanu akuzidziwa bwino zimenezi.

DENGU LOTUTIRA

Chinthu chisanalowe m'nkhokwe chimayamba chanyamulidwa m'dengu. Dengu limeneli ndilo mbali ya maganizo imene imagwira zinthu kwa kanthawi kochepa pamene munthu akuzigwiritsa ntchito, monga nambala ya lamya imene wangouzidwa kumene, kapena mitengo ya zinthu zimene akuwonkhetsa pamsika. Dengulo ndi laling'ono kwa aliyense, ndipo akatswiri a masiku ano amati limanyamula zinthu pafupifupi 4 pa nthawi imodzi. Munthu akamakula, ubongo umayamba kugwira ntchito mochedwerapo, ndiponso umavutika kutsekereza zosokoneza. Wailesi ikamalira, mwana akamalankhula, mlendo n'kutchula dzina lake mothamanga, dzinalo limagwa m'dengu lisanafike kunkhokwe. Mawa lake agogo amati aiwala, chonsecho dzinalo silidalowe n'komwe.

Makutu nawo ali ndi mbali yake. Munthu amene akumva movutikira amathera mphamvu zake pa kugwira mawu, kotero kuti zotsala zosungira tanthauzo la mawuwo zimakhala zochepa. Okalamba ambiri amene timawayesa oiwala ndi anthu amene sadamvetse chabe.

Khomo la nkhokwe ndi kachigawo ka ubongo kotchedwa hippocampus, ndipo tilipo tiwiri, kena kumanja kena kumanzere. Ntchito yake idadziwika bwino chifukwa cha tsoka la munthu mmodzi. Mu 1953, mumzinda wa Hartford ku America, dokotala William Scoville adachita opaleshoni mnyamata wa zaka 27, Henry Molaison, amene ankavutika kwambiri ndi matenda a khunyu, nachotsa mbali yaikulu ya tizigawo tiwiri tonseti. Matendawo adachepa, koma kuyambira nthawi imeneyo kufikira imfa yake mu 2008, Molaison sadathenso kusunga zochitika zatsopano. Ankalankhula bwinobwino, ankakumbukira zambiri za ubwana wake, koma munthu akatuluka m'chipinda n'kubweranso patapita kanthawi, ankamulonjera ngati mlendo. Katswiri Brenda Milner, amene adamuyeza kwa zaka zambiri, adapezanso kuti Molaison ankatha kuphunzira luso latsopano la manja, ngakhale sankakumbukira kuti adaliphunzirapo. Apa padaonekeratu kuti kukumbukira kuli kwa mitundu ingapo, ndipo mtundu uliwonse uli ndi malo ake mu ubongo.

Mwa munthu wokalamba amene sakudwala, kachigawo kameneka kamachepa ndi gawo 1 kapena 2 pa 100 chaka chilichonse. Khomo silitsekeka monga lidatsekekera kwa Molaison, koma limachepa. N'chifukwa chake zimene zimavuta kwambiri ndi zochitika zatsopano: ndidaika pati khasu dzulo, kodi mankhwala a m'mawa ndamwa, kodi nkhani imeneyi ndidamuuza kale mwanayu.

DZINA LANDITHAWA

Vuto la kutapa limaonekera bwino pa maina. Tonse tidanenapo kuti, "Ndikumudziwa bwino munthuyu, koma dzina landithawa." Nkhope ikuoneka m'maganizo, mudzi wake tikuudziwa, mwina ndi lemba loyamba lomwe, koma dzinalo likukana kutuluka. Kenaka usiku munthu ali gone, dzina lija limangotulukira lokha. Kubwera kwake ndi umboni wakuti lidalimo nthawi yonseyo. Zimenezi zimachitikira achinyamata omwe, koma zimachuluka ndi zaka, ndipo maina a anthu ndiwo amathawa kwambiri.

Chifukwa chake chidaoneka pa mayeso amene akatswiri ena a ku Britain adachita mu 1987. Iwo adaonetsa anthu zithunzi za nkhope zachilendo, nawauza dzina ndi ntchito ya munthu aliyense. M'Chingerezi mawu akuti Baker ndi dzina la munthu, komanso amatanthauza wophika buledi. Oyesedwawo ankakumbukira msanga kuti uje ndi wophika buledi kusiyana ndi kukumbukira kuti dzina lake ndi Baker, ngakhale mawuwo ndi amodzi omwewo. Ntchito ya munthu ili ndi njira zambiri zoifikira: fungo la buledi, ufa, ng'anjo yotentha. Dzina lili ndi kanjira kamodzi kokha, ndipo kanjira kosayendedwa kawirikawiri kamamera udzu. Kwathu kuno tingati kuuzidwa kuti mlendo amakhala paphiri kumakhalitsa m'mutu kuposa kuuzidwa kuti ndi a Phiri.

Chinanso chimene chimafooka ndi kukumbukira gwero la nkhani. Agogo amaikumbukira nkhaniyo, koma amaiwala amene adawauza, kapena ngati adaiona ndi maso kapena adangoimva. Tiyeneranso kudziwa kuti ubongo susunga zinthu monga chithunzi. Nthawi iliyonse imene tikumbukira chinthu timachimanganso, ndipo pomangapo zina zimasintha ife osadziwa. Motero bwalo la mfumu limene limamva akuluakulu angapo pa mlandu wa malire, osadalira mmodzi, limachita mwanzeru.

ZIMENE SIZIKALAMBA MSANGA

Tsono tiyeni tione mbali imene imalimba. Mu 1975 katswiri wa ku America, Harry Bahrick, pamodzi ndi anzake adayesa anthu 392 pa za anzawo amene adaphunzira nawo kusekondale. Atapemphedwa kutchula maina popanda chowathandiza, amene adachoka pasukulu kalekale adatchula ochepa. Koma ataonetsedwa zithunzi ndi maina kuti asankhe, amene adachoka zaka 15 m'mbuyomo adakhoza pafupifupi mafunso 9 pa 10 alionse, ndipo ngakhale amene adachoka zaka pafupifupi 48 m'mbuyomo adakhozabe 7 kapena 8 pa 10. Kuzindikira chinthu ukachiona n'kosavuta kusiyana ndi kuchitulutsa wekha m'mutu, ndipo kusiyana kumeneku kumakula munthu akamakalamba.

Mu 1956 katswiri wina, K. Warner Schaie, adayamba kuyesa anthu a mumzinda wa Seattle ku America komweko, ndipo ankabwerera kwa anthu omwewo zaka 7 zilizonse kwa zaka makumi angapo. Iye adapeza kuti changu cha maganizo chimayamba kutsika msanga, koma kudziwa mawu ndi matanthauzo ake kumalimba mpaka munthu atafika zaka za m'ma 70. Luso la manja nalonso silitha msanga: mayi amene adaphunzira kuumba mbiya ali mtsikana, kapena bambo amene adaphunzira kuluka mphasa, amapitiriza ntchito yake mpaka pamene maso kapena zala zitamulephera. Pamene makolo adati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ankanena za nkhokwe imeneyi, ya mawu, milandu yakale, nyengo ndi makhalidwe a anthu.

Nanga n'chifukwa chiyani agogo amakonda nkhani za pa unyamata wawo? Akatswiri akafunsa anthu achikulire kuti afotokoze zimene akukumbukira pa moyo wawo wonse, zambiri zimachokera pa nthawi imene adali ndi zaka za pakati pa 10 ndi 30. Imeneyi ndi nthawi ya zinthu zoyamba: chinamwali, ulendo woyamba wa kutauni, malipiro oyamba, ukwati, mwana woyamba. Zinthu zoterezi zimalowa mwamphamvu, ndipo zimabwerezedwa kwa zaka zambiri, kotero kuti njira yake siimera udzu.

Palinso china chodabwitsa. Okalamba akayesedwa m'chipinda cha mayeso pa kukumbukira kuchita chinthu pa nthawi yoikika, achinyamata amawaposa. Koma akapemphedwa kuchita zomwezo ali kwawo, monga kuimba lamya pa ola lakutilakuti tsiku lililonse, kawirikawiri okalamba ndiwo amaposa achinyamata. Iwo amadziwa kufooka kwawo, motero amalemba, amaika zizindikiro, ndiponso amatsata ndondomeko imodzi tsiku ndi tsiku.

NANKAFUMBWE AKALOWA

Zonse takambazi ndi za ukalamba wopanda matenda. Koma pali nthenda imene imadya nkhokwe yeniyeniyo monga achitira nankafumbwe, ndipo madokotala amaitcha dementia. Mu 1901 mayi wa zaka 51, Auguste Deter, adagonekedwa pachipatala cha ku Frankfurt ku Germany atayamba kuiwala, kusokonezeka ndi kukayikira anthu a m'nyumba mwake. Atamwalira mu 1906, dokotala wake Alois Alzheimer adayeza ubongo wake napeza zibuma zachilendo pakati pa maselo ndi timaulusi topotana m'kati mwa maselowo. Nthenda imene idatenga dzina la dokotalayu ndiyo imachititsa magawo 60 mpaka 70 pa 100 a dementia yense. Mtundu wina wofala umadza mitsempha ya magazi ya mu ubongo ikawonongeka, makamaka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi ndi sitiroko. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidawerengera kuti mu 2021 anthu 57 miliyoni adali ndi dementia, ndipo oposa 60 pa 100 mwa iwo adali m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene.

Kodi tingasiyanitse bwanji? Kuiwala pamene waika mthiko ndi ukalamba. Kuugwira mthiko osadziwa ntchito yake ndi matenda. Kuiwala dzina la mdzukulu n'kulikumbukira madzulo ndi ukalamba. Kusamuzindikira mwana wobereka wekha ndi matenda. Zizindikiro zina ndi kufunsa funso limodzi kambirimbiri pa kanthawi kochepa, kusochera panjira ya kuchitsime imene munthu wayenda zaka 40, kulephera kuwerengera ndalama zimene kale ankaziwerengera mosavuta, ndi kusintha khalidwe. Wokalamba wabwinobwino amadandaula yekha kuti akuiwala, pomwe wodwala nthawi zambiri saona vuto, ndipo odandaula amakhala abale ake.

Mu 1881 katswiri wa ku France, Théodule Ribot, adalemba kuti kukumbukira kukamawonongeka, zatsopano ndizo zimayamba kutha, zakale n'kutsalira. Tikamvetsa mfundo imeneyi, zambiri zimene zimaopsa anthu m'midzi zimamveka. Gogo wodwala amalankhula ndi anthu amene adamwalira chifukwa m'mutu mwake iwo akadali moyo. Amadzuka pakati pa usiku kuti apite kumunda kapena kwawo kumene adabadwira, amasochera, ndipo m'mamawa amapezeka pakhomo pa eni, mwina osavala bwino. Anthu akamuzinga ndi mafunso mokalipa, iye amavomera chilichonse chifukwa cha mantha ndi kusokonezeka. Pamenepo anthu amati mfiti yagwidwa ndipo yaulula yokha, chonsecho ndi wodwala wofunika bulangete ndi womuperekeza kwawo.

Kumene kuloza chala kumathera tikukudziwa. Mu Januwale 2016 ku Neno okalamba 4 adaphedwa ndi gulu la anthu atanenedwa za ufiti. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lapadera loteteza anthu achikulire. Koma lamulo limafika mlandu utachitika kale. Amene angathe kuimitsa gulu lisanatole miyala ndi mphunzitsi wa pamudzipo, kapena wachinyamata wophunzira amene angaimirire n'kunena kuti, "Agogowa akudwala, tiyeni tipite nawo kuchipatala."

Kupita kuchipatala si kutaya nthawi, pakuti kuiwala kwina kuli ndi mankhwala. Kusowa kwa vitamini B12, matenda a chithokomiro, kukhumudwa kwakukulu kumene kumadza pambuyo pa imfa ya wokondedwa, mowa, chindoko, kachirombo ka HIV, ndi mankhwala ena amene munthu akumwa, zonsezi zikhoza kusokoneza mutu. Chimodzimodzinso nthenda ya pellagra, imene imagwira anthu odalira chimanga chokha popanda nyemba, mtedza, nsomba kapena nyama. Kusokonezeka kumene kwadza mwadzidzidzi, pa maola kapena masiku ochepa, kawirikawiri kumachokera ku malungo, chibayo, matenda a chikhodzodzo kapena shuga, ndipo wodwalayo ayenera kuthamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo. Poyambira ndi pachipatala chapafupi. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba, ndipo a St John of God ali ndi zipatala ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mankhwala ochiziratu nthenda ya Alzheimer sanapezeke, komabe banja limene likudziwa dzina la nthenda limasamala wodwala mosiyana ndi banja limene likufunafuna womulodza.

KUMATA NKHOKWE MVULA ISANAGWE

Mu 2024 gulu la akatswiri losonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet lidatchula zinthu 14 zimene munthu kapena dziko lingathe kuzisintha, ndipo lidawerengera kuti zonse zitathetsedwa, pafupifupi magawo 45 pa 100 a dementia akhoza kupewedwa kapena kuchedwetsedwa. Zina mwa izo ndi kuthamanga kwa magazi, shuga, fodya, mowa wambiri, kunenepa kwambiri, kuvulala m'mutu, mpweya woipa, kusamva ndi kusaona bwino kosathandizidwa, kukhala wekhawekha, ndi kusagwiritsa ntchito thupi. Mu 2011 akatswiri a ku America otsogozedwa ndi Kirk Erickson adagawa okalamba 120 m'magulu awiri. Gulu limene linkayenda ndawala mphindi 40 katatu pa sabata kwa chaka chathunthu lidapezeka kuti kachigawo kaja ka hippocampus kakula ndi pafupifupi magawo 2 pa 100, pomwe pa gulu linalo kadachepa. Tisawakhazike pansi agogo chifukwa cha chifundo. Kadimba, ulendo wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi macheza a pabwalo ndi mankhwala ndithu.

Inu amene mukukhala ndi agogo, athandizeni pa kututa ndi pa kutapa. Tsitsani wailesi, ayang'aneni kumaso, nenani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo dzina likawathawa apatseni kanthawi kapena lemba loyamba, osawaseka. Mankhwala, makiyi ndi ndodo zikhale ndi malo ake osasintha. Mukafuna kutapa nzeru zawo, musawafunse ngati muli pa mayeso. Pitani nawo pamalo pomwepo, aonetseni chithunzi, atchulireni dzina limodzi, ndipo mudzaona nkhani zikutuluka ngati ngumbi. Tengani kope mulembe mibadwo ya banja lanu, malire a minda ndi maina a mitengo iwo akadalipo, pakuti safunsa adadya phula.

Inu aphunzitsi amene mukuopa kubwerera m'kalasi, dziwani kuti wamkulu amaphunzira mochedwerapo, koma ali ndi zambiri zokolowekapo zatsopano. Ebbinghaus yemwe uja adapezanso kuti kubwereza phunziro pang'onopang'ono pa masiku angapo kumasunga zambiri kuposa kulipanikiza tsiku limodzi. Tsekani buku n'kudzifunsa nokha, pakuti kutapa kawirikawiri ndiko kumalambula njira, ndipo muzigona mokwanira, popeza ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira munthu ali m'tulo.

Pa zinthu 14 zija, chimene chimayamba m'moyo wa munthu ndi kuchepa kwa maphunziro pa ubwana. Munthu amene ubongo wake udagwira ntchito kwambiri kusukulu amakhala ndi njira zambiri zofikira chinthu chimodzi, kotero kuti ina ikatsekeka pa ukalamba amadzera ina. Motero mphunzitsi amene watsatira mwana wothawa sukulu mpaka kwa makolo ake n'kumubwezera m'kalasi wamangira nkhokwe gogo wa zaka 60 zikubwerazo, ngakhale gogoyo mwina sadzakumbukira dzina la amene adamuthandiza.

M'gawo lotsatira tidzakamba za kasamalidwe ka wodwala dementia pakhomo, ndi za mpumulo umene womusamalayo amafunika.